Kuchotsa DB2 m'pulogalamu ya COBOL: njira iti yopitira ku mafayilo wamba?

COBOL ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndipo DB2 ndi database ya IBM yosunga deta m'matebulo. Ntchito yoichotsa imabwera m'mawu ochepa kwambiri: "Pulogalamu iyi isamawerengenso DB2, iziwerenga fayilo." Wonenayo nthawi zambiri amaganiza kuti mungofufuta EXEC SQL (malamulo ofunsa DB2), n'kulembapo READ (lamulo lowerenga fayilo), basi nkhani yatha. Ndagwirapo ntchito yotereyi kangapo, ndipo sindinaonepo ikutha choncho. DB2 imagwira ntchito zambiri mwakachetechete: imasanja mizere, imakana kiyi yobwereza, imatseka rekodi pamene wina akuisintha, imabwezera zinthu m'mbuyo pulogalamu ikagwa pakati. Mukaichotsa, ntchito zonsezi zimagwera inu. Walira mvula walira matope.

Komabe zifukwa zosinthira zimakhala zomveka. Nthawi zina jobu ya usiku ikutha mochedwa, nthambi za banki zikufuna kutsegula m'mawa koma batch (ntchito zoyenda zokha popanda munthu woziyankha) isanathe. Nthawi zina ndi ndalama: IBM yakhala ikulipiritsa mapulogalamu ambiri a pa z/OS, dongosolo loyendetsa makompyuta ake aakulu (mainframe), poyang'ana maola anayi amene makina anagwira ntchito kwambiri m'mwezi, choncho pulogalamu yodya CPU pa nthawi yolakwika imakweza bilu yonse. Nthawi zinanso kampani ikusamuka pa mainframe, kapena tebulo lakale likupuma ntchito ndipo deta yake ingosungidwa pa tepi. Chifukwa chanu ndicho chiyenera kusankha njira, motero chilembeni kaye musanakhudze mzere uliwonse wa COBOL.

Chinthu chimodzi tichotseretu panjira. Ngati pulogalamuyo ndi ya CICS, yomwe imayankha munthu ali pa kauntala akufuna akaunti imodzi pa mamiliyoni, fayilo yowerengedwa motsatana siingathandize. Zonse zimene ndikunena pano ndi za batch.

Musanasamuke, yesani kukonza pomwe mulipo

Njira yoyamba ndi kusasamuka. Ndaonapo mapulogalamu "ochedwa chifukwa cha DB2" omwe vuto lawo linali indekisi yosowa, kapena RUNSTATS (chida chouza DB2 kukula ndi maonekedwe a tebulo) yomwe sinayendetsedwe kwa nthawi yaitali, kapena cursor (njira yowerengera mizere imene pulogalamu yapempha ku DB2) yotenga mzere umodziumodzi pamene DB2, kuyambira V8 ya 2004, imatha kupereka mizere yambiri pa FETCH imodzi. Pulogalamu yongowerenga lipoti, yomwe sikuvutika ndi deta yosatsimikizidwa, imapepukanso mukaika WITH UR, yoilola kuwerenga osadikira amene akusintha mizere. Zimenezi ndi ntchito ya masiku ochepa, ndipo simutaya chilichonse mwa zimene database imakuchitirani. Ngati cholinga ndi liwiro lokha, yambirani pano. Ngati tebulolo likuchoka ndithu, kapena mwayesa zonsezi osaphula kanthu, pitirirani.

Kukhuthula tebulo, cursor n'kusanduka READ

Iyi ndi njira yowongoka, ndipo imayenera pulogalamu yokhala ndi cursor imodzi yaikulu yomwe imayenda kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Mumaika sitepe yatsopano kutsogolo kwa jobu yokhuthulira tebulo m'fayilo. OPEN wa cursor amakhala OPEN INPUT, FETCH amakhala READ, SQLCODE +100 (mizere yatha) amakhala FILE STATUS 10 (fayilo yatha). Mu JCL, malangizo oyendetsera jobu, simufunikanso IKJEFT01 ndi RUN PROGRAM pamodzi ndi PLAN yake, zomwe zimayendetsa pulogalamu ya DB2. Mumangolemba EXEC PGM ndi DD ya fayiloyo. Precompile ndi BIND, masitepe okonzekeretsa SQL ya pulogalamu, zimathera pomwepo, ndipo -805 ya usiku (cholakwika cha pamene DB2 siikupeza BIND yogwirizana ndi pulogalamu) simudzaionanso pa pulogalamu imeneyo.

Liwiro limachokera pa buloko, gulu la marekodi owerengedwa pa disiki nthawi imodzi. Pa disiki ya 3390, buloko yabwino ndi ya theka la track, mabayiti osapitirira 27998. Rekodi ya mabayiti 200 ndiye kuti buloko ya 27800, marekodi 139 pa kuwerenga kumodzi, ndipo READ zina 138 zimangotenga zomwe zili kale mu buffer. Musalembe BLKSIZE (kukula kwa buloko) yofanana ndi LRECL (utali wa rekodi) monga ndimaonera m'ma JCL ena akale. Siyani makina asankhe okha.

Zida zokhuthulira zodziwika ndi ziwiri, ndipo sizofanana. DSNTIAUL ndi pulogalamu ya chitsanzo yobwera ndi DB2. Mukaipatsa PARMS('SQL') imalandira SELECT yathunthu, yokhala ndi JOIN, WHERE ndi ORDER BY. Ndiye kuti mukhoza kukopera SELECT ya cursor yanu monga ilili, fayilo n'kutuluka yosefedwa ndi yosanjidwa kale. UNLOAD, yomwe inabwera ndi V7, ndi yachangu pa tebulo lalikulu ndipo imatha kuwerenga kuchokera ku image copy (kope losungidwa la tebulo) osakhudza tebulo lamoyo, koma siilumikiza matebulo ndiponso siisanja. Kusanja mudzachita nokha ndi DFSORT kapena Syncsort, mapulogalamu osanjira mafayilo omwe timangowatcha SORT. Ine ndimatenga DSNTIAUL pamene SELECT ili yovuta koma mizere yotuluka ndi yochepa, ndipo UNLOAD pamene ndikufuna pafupifupi tebulo lonse.

Tsono pano ndi pomwe anthu ambiri amapunthwa, pa maonekedwe a rekodi. Musaganize kuti copybook ya DCLGEN (mafotokozedwe a makolamu a tebulo mu COBOL, opangidwa ndi chida cha DB2) ikwanira yokha. Kolamu ya DECIMAL(11,2) imatuluka ngati PIC S9(9)V99 COMP-3 (nambala yopanikizidwa, madijiti awiri pa bayiti), mabayiti 6, palibe vuto. INTEGER ndi mabayiti 4, SMALLINT ndi 2, DATE yolembedwa ngati zilembo ndi 10, TIMESTAMP wamba ndi 26. VARCHAR ili ndi mabayiti 2 a utali kutsogolo kwake, ndipo zotsalira kuseri kwa utaliwo musazikhulupirire kuti ndi mipata. Koma chovuta zedi ndi NULL, chizindikiro chakuti m'kolamu mulibe kanthu. M'fayilo mulibe chinthu chotchedwa NULL, choncho chida chilichonse chimaika bayiti yapadera yosonyeza. DSNTIAUL imaika bayitiyo kumbuyo kwa kolamu, ndipo chizindikiro cha NULL ndi '?'. UNLOAD imaiika kutsogolo, chizindikiro chake n'kukhala X'FF'. Mukaiwala bayiti imodzi yokhayi, makolamu onse otsatira amasuntha, ndipo mukachita masamu pa malo a COMP-3 omwe mulibe nambala yovomerezeka, pulogalamu imagwa ndi khodi ya S0C7. Kugwa kumeneku ndi mwayi, chifukwa kumamveka. Choopsa ndi chomwe sichimveka: AVG ya SQL imadumpha NULL, koma COBOL yanu ikawerenga NULL ngati 0, chiwerengero chapakati chimatsika ndipo palibe amene amaliza belu. DB2 imaikanso NULL kumapeto ikamasanja mokwera, pamene SORT ikaona mabayiti a ziro imawaika koyambirira.

Kumbukiraninso kuti fayilo ikakhala ya RECFM=VB (marekodi osiyana utali), rekodi iliyonse ili ndi mabayiti 4 a RDW kutsogolo, osunga utali wake. COBOL siwaona, koma SORT imawaona, motero kolamu yoyamba ili pa malo 5, osati 1.

Kusanja ndi kufananitsa: apa ndi pomwe pali phindu lenileni

Mapulogalamu ambiri ochedwa sali ndi cursor imodzi yokha. Amawerenga malonda a tsikulo limodzilimodzi, ndipo pa lililonse amapita ku DB2 kukafunsa akaunti yake ndi SELECT. Tiyerekeze kuti malonda alipo 3 miliyoni: ndiye maulendo 3 miliyoni, ambiri mwa iwo opita pa masamba osiyanasiyana a tebulo. Zili ngati munthu wa pa golosale amene kasitomala aliyense akabwera amathamangira ku nyumba yosungira katundu kukatenga sopo mmodzi.

Mukangosintha SELECT imeneyo kukhala "werenga fayilo kuyambira koyamba mpaka uipeze akauntiyo", jobu siidzatha mpaka sabata yamawa. Fayilo yotsatana siidziwa kudumpha. Yankho lake ndi lakale kuposa DB2 yeniyeniyo, yomwe IBM inailengeza mu 1983: sanjani mafayilo onse awiri pa kiyi imodzi, kenako muwayendetse limodzi ngati ng'ombe ziwiri pa goli. Kiyi ya malonda ikakhala yaikulu kuposa ya akaunti, werengani akaunti yotsatira. Zikafanana, gwirani ntchito. Ikakhala yaing'ono, malondawo alibe akaunti, ndipo apa ndi pomwe kale mumalandira +100. Fayilo ina ikatha, ikani HIGH-VALUES (mtengo waukulu kuposa kiyi iliyonse) m'kiyi yake kuti inzake imalize ulendo. Fayilo iliyonse imawerengedwa kamodzi kokha. Umu ndi m'mene anthu a COBOL ankagwirira ntchito m'zaka za m'ma 1960 pamene deta yambiri inali pa tepi, ndipo pa ntchito yokhudza gawo lalikulu la tebulo njira imeneyi ikadali yovuta kuipambana.

Kufananitsaku mukhoza kukulemba mu COBOL, kapena kukusiyira SORT. DFSORT inalandira JOINKEYS mu 2009, ndipo Syncsort inali nayo kale. Ndi mizere yochepa mumanena kiyi ya F1 (fayilo yoyamba) ndi ya F2 (yachiwiri), JOIN UNPAIRED,F1 ngati mukufuna malonda opanda akaunti asatayike, ndi REFORMAT yomanga rekodi yatsopano, chizindikiro cha '?' mu REFORMAT chimakupatsani B (m'mafayilo onse awiri), 1 kapena 2 kusonyeza komwe rekodi yapezeka. Pulogalamu yanu ya COBOL imangowerenga fayilo imodzi yokonzedwa kale. Ndimakonda JOINKEYS pamene nkhani ndi kungolumikiza. Ndimalemba mu COBOL pamene pali malamulo a bizinesi pakati, monga akaunti yotsekedwa kapena malonda angapo osintha balansi imodzi motsatana, chifukwa malamulo obisika m'makhadi a SORT amaiwalika, ndipo wobwera pambuyo panu adzawasaka mu COBOL osawapeza.

Misampha yake ndi itatu yomwe ndimaiyang'ana nthawi zonse. Woyamba: mu SQL, NULL siifanana ndi NULL inzake, koma kwa SORT mabayiti ofanana ndi ofanana, ndiye mizere yopanda kiyi imatha kukwatirana yokhayokha. Ichotseni musanalumikize. Wachiwiri: kiyi yobwereza. DB2 inkaikana ndi indekisi ya UNIQUE, kapena inkakuchenjezani ndi -811 (SELECT yapeza mizere yoposa umodzi). Fayilo imalandira chilichonse. Wachitatu ndi dongosolo la kusanja, ndipo uwu unandilumapo ine. Pa kampani ina yomwe ndinkagwirako ntchito, fayilo ya malonda inkachokera ku makina a Unix itasanjidwa kale, ndipo ndinaidalira. Mu ASCII, kalembedwe ka zilembo ka pa Unix, manambala amabwera patsogolo pa zilembo. Mu EBCDIC ya pa mainframe zilembo ndizo zimatsogola, manambala pambuyo. Makiyi athu ena anali osakaniza zilembo ndi manambala. Pulogalamu sinagwe, inamaliza bwinobwino, koma inaika malonda ambiri m'lipoti la "opanda akaunti", ndipo anazindikira ndi anthu a zowerengera ndalama patapita masiku. Zinandiwawa chifukwa anthuwo anakhala mpaka usiku kukonza cholakwa changa. Kuyambira pamenepo pulogalamu iliyonse yofananitsa imene ndalemba imayerekeza kiyi yatsopano ndi yapitayo pa READ iliyonse, ndipo ikapeza kuti yabwerera m'mbuyo imaima pomwepo. Chimodzimodzinso kiyi ya COMP-3: uzani SORT kuti ndi PD (nambala yopanikizidwa), chifukwa mukati CH (zilembo) manambala a minus amalowa malo olakwika.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Ngati malonda a tsikulo ndi 2,000 pa maakaunti 20 miliyoni, kukhuthula tebulo lonse kuti mupeze ochepawo n'kuwononga. Indekisi ya DB2 inapangidwira ntchito yotere. Funso lenileni ndi lakuti, kodi pulogalamu imakhudza gawo lanji la tebulo? Likakhala lalikulu, sanjani ndi kufananitsa. Likakhala laling'ono, musavutike. Ndipo poyeza phindu muphatikize nthawi ya UNLOAD ndi ya SORT, musangoyeza sitepe ya COBOL yokha. Phindu limakula pamene mapulogalamu asanu kapena khumi a usiku womwewo akuwerenga fayilo imodzi yokhuthulidwa kamodzi.

Matebulo aang'ono

Nthambi, mitundu ya ndalama, makhodi a malonda: awa musawafananitse. Awerengeni kamodzi pulogalamu ikamayamba, muwaike mu WORKING-STORAGE ndi OCCURS yokhala ndi ASCENDING KEY, n'kumasaka ndi SEARCH ALL. Pa mizere 1,000 kusaka kumatha m'mayeso pafupifupi 10. Onetsetsani kuti fayilo ndi yosanjidwa, ndiponso kuti pulogalamu iziima ndi uthenga womveka mizere ikaposa malo amene munasunga, chifukwa tebulo la nthambi limakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kusefukira.

VSAM, pamene kudumpha sikungapeweke

Pali mapulogalamu omwe amafunsa tebulo limodzi m'njira yosadziwikiratu: kiyi yachiwiri imadziwika pokhapokha mwawerenga rekodi yoyamba. Kusanja pasadakhale sikutheka popanda kudula pulogalamu m'masitepe angapo. Apa KSDS ya VSAM, fayilo yokhala ndi indekisi yolola kudumphira pa rekodi ndi kiyi yake, ndi njira yapakati. Mumakhuthula, kusanja, kupanga cluster ndi IDCAMS, kudzaza ndi REPRO, ndipo SELECT imakhala READ ya kiyi, +100 n'kukhala FILE STATUS 23 (rekodi palibe). Kamangidwe ka pulogalamu sikasintha kwambiri, choncho ngozi yoswa malamulo ndi yochepa. Koma si fayilo wamba yotsatana. Ngati amene wakupatsani ntchito akufuna mafayilo oti atumizidwe ku makina ena kapena asungidwe pa tepi, VSAM siikwaniritsa zimenezo, ndipo pa batch wamba ilibe ROLLBACK yobwezera zosintha m'mbuyo. Ndimaiona ngati yankho la tebulo limodzi lovuta, osati la ntchito yonse.

Nanga UPDATE, INSERT ndi DELETE?

Apa ndi pomwe ndimapempha anthu kuti adekhe. M'fayilo yotsatana simungalowetse rekodi pakati, simungachotse rekodi. REWRITE imatheka pa fayilo ya pa disiki yotsegulidwa I-O, koma rekodi iyenera kukhala ya utali womwewo, ndipo pulogalamu ikagwa pakati mumatsala ndi fayilo yosinthidwa theka popanda log yokubwezerani m'mbuyo. Sindilimbikitsa zimenezo.

Ngati tebulo likuchokeratu, njira yabwino ndi ya master yakale ndi master yatsopano. Mumawerenga ya dzulo, kufananitsa ndi malonda, n'kulemba fayilo yatsopano yathunthu: rekodi yosintha imalembedwa yosinthidwa, yatsopano imalowa pa malo pake, yofufutidwa siilembedwa. GDG, gulu la mibadwo ya fayilo imodzi pansi pa dzina limodzi, inapangidwira zimenezi. Mumawerenga m'badwo womwe ulipo (0), mumalemba watsopano (+1) ndi DISP=(NEW,CATLG,DELETE), ndipo sitepe ikagwa fayilo yatsopanoyo imafufutika, ya dzulo ili chikhalire. Kuyambiranso ndi kungoyendetsa sitepeyo kuchokera koyamba. N'zosavuta kumvetsa kuposa COMMIT (kutsimikiza zosintha mu DB2) ya pakatikati ndi tebulo losungira pomwe munalekezera, koma mtengo wake ndi wakuti jobu ya maola atatu ikagwa kumapeto, maola atatuwo mwataya. Mumafunikanso malo a disiki a mibadwo ingapo, ndipo SB37 (kugwa kosowa malo a disiki) ya pakati pa usiku imabwera pamene munthu anayerekeza SPACE ndi deta ya chaka chatha.

Ngati tebulo likhalapobe chifukwa CICS ikuligwiritsa ntchito masana, nkhani ndi ina. Pulogalamu iwerenge mafayilo, ilembe zosintha zake m'fayilo, kenako pakhale sitepe ina yaing'ono yozibwezera ku DB2, kaya ndi pulogalamu yochita UPDATE ndi COMMIT pafupipafupi, kaya ndi LOAD. Samalani ndi LOAD REPLACE: imafufuta zonse zomwe zinali mu table space, ndipo mukaiyendetsa ndi LOG NO nthawi zambiri imasiya COPY pending, yoletsa kusintha deta, mpaka mutatenga image copy. Ndipo dzifunseni funso lomwe limaiwalika: kuchokera pamene munakhuthula kufika pamene mukubwezera, kodi pali wina amene wasintha mizere yomweyo? Fayilo ndi chithunzi cha nthawi imene inajambulidwa. Kasitomala akatapa ndalama pa ATM 1 koloko usiku, inu munakhuthula 12 koloko, balansi imene mudzalembe 3 koloko idzafufuta kutapa kwakeko. Njira yotetezeka ndi kubwezera kusintha kokha, monga "onjezani mwakuti", osati balansi yonse. Chimodzimodzi matebulo awiri okhuthulidwa pa nthawi zosiyana akhoza kusagwirizana. Akhuthuleni pamene palibe akulemba, kapena kuchokera ku ma image copy a nthawi imodzi.

Chosakaniza choipitsitsa ndi pulogalamu imodzi yochita COMMIT ku DB2 uku ikulembanso fayilo. Ikagwa, DB2 imabwerera pa COMMIT yomaliza, koma fayilo ili pena, marekodi ena atalembedwa, ena atatsalira mu buffer. Ngati kusintha kwanu kukubala chinthu chotere, gawani pulogalamuyo pawiri.

Kubisa zowerenga zonse m'kapulogalamu kapadera

Iyi si njira yopikisana ndi zinazo, ndi kachitidwe kozinyamulira. Mumachotsa SQL yonse m'pulogalamu yaikulu n'kuiika m'kapulogalamu koitanidwa ndi CALL, komwe kamabweza rekodi ndi khodi yakuti "yapezeka", "palibe" kapena "zatha". Kenako mumalemba kachiwiri kowerenga fayilo, kolandira ndi kubweza zofanana. Malamulo a bizinesi simuwakhudza konse, ndipo zinthu zikavuta usiku woyamba mumabwerera ku kakale mosavuta. Pa mapulogalamu ambiri ogwiritsa tebulo limodzi, kapena pamene kampani ikusamuka pang'onopang'ono, ndi njira imene ndingasankhe. Pa pulogalamu imodzi ya cursor imodzi ndi ntchito yowonjezera yosafunika. Dziwaninso kuti siichiritsa vuto la kudumpha: ngati pulogalamu yaikulu ikufunsa makiyi mosatsata dongosolo, kapulogalamu ka fayilo yotsatana sikangayankhe mpaka zolowa zitasanjidwa.

Chitetezo chimasamukanso. Mu DB2 munthu ankaona zomwe GRANT kapena view yamulola. Fayilo ili ndi makolamu onse amene munakhuthula, ndipo imatetezedwa ndi profile ya RACF (chida cha chitetezo cha pa mainframe) kapena chida chofanana nacho, ngati wina anakumbukira kuipanga. Anzathu ogwira ntchito m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi ku Johannesburg akudziwa kuti kuyambira pa 1 July 2021 lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu ku South Africa, likugwira ntchito mokwanira, ndipo fayilo ya mayina ndi manambala a makasitomala yoiwalika pa disiki ikhoza kukhala mlandu. Khuthulani makolamu ofunika okha, ndipo muike malire a mibadwo ya GDG.

Poyesa, yendetsani pulogalamu yakale ndi yatsopano pa deta ya tsiku limodzi, muyerekeze zotuluka bayiti ndi bayiti pogwiritsa ntchito chida cha SuperC, ndipo tsiku lina mwa masiku oyeserawo likhale la kumapeto kwa mwezi. Zikasiyana pa dongosolo la mizere yokha, kawirikawiri ndiye kuti cursor yakale inalibe ORDER BY yokwanira ndipo inkangodalira indekisi. Funsani olandira lipotilo dongosolo limene akufuna, mulilembe mu SORT, pamodzi ndi EQUALS (yosunga dongosolo loyamba la makiyi ofanana) ngati makiyi amabwereza. Yesaninso fayilo yopanda kanthu. READ yoyamba ikabweza 10, pulogalamu siingadziwe ngati lero kunalibe malonda kapena ngati sitepe yokhuthula inalephera. N'chifukwa chake ndimapempha kuti fayilo iliyonse ikhale ndi rekodi yoyamba ya tsiku la bizinesi ndi rekodi yomaliza ya chiwerengero cha marekodi ndi ndalama zonse, ndipo pulogalamu iziima ndi RETURN-CODE yosakhala ziro ziwirizi zikapanda kugwirizana ndi zomwe yawerenga.